Chikuto Chimagulitsa, Nanga Ngongole Yake Abweze Ndani?

Sabata ino tikhudze nkhani imene ambiri timaikambira kumbali koma pagulu timangoimwetulira: kodi chikuto chokongola chingagulitse buku la pa foni ngakhale m'kati muli zosakoma? Musaliyese funso longocheza. Muli ndalama mmenemu. Mlembi amene wasonkhanitsa kangachepe amafika pamphambano: ndalamayi ndimpatse wojambula chikuto, kapena ndimpatse mkonzi andikonzere zolembazi? Kawirikawiri siikwanira onse awiri. Ndiye momwe mungayankhire funsoli ndi momwenso ndalama yanu iyendere, ndipo mabuku amene tidzakhale tikuwerenga chaka chamawa adzatuluka m'yankho lomwelo.

Ndiyambe ndi mawu amene ena a inu simufuna kuwamva. Inde, chikuto chimagulitsa. Chimagulitsa ngakhale buku lofoira, losakonzedwa, lolembedwa masiku atatu. Amene amatsutsa zimenezi amatsutsa chifukwa zimawawa basi.

Takumbukirani mmene mumagulira buku la pepala, kaya ku CLAIM Mabuku, kaya pa mulu wa mabuku akale oyalidwa m'mbali mwa msewu ku Limbe. Mumalinyamula, mumalitembenuza, mumatsegula pakati n'kuwerenga ndime imodzi kapena ziwiri. Kulemera kwake m'manja kumakuuzani kutalika kwa nkhani. Wogulitsa akayang'ana kumbali, mumasuzumiranso tsamba lomaliza. Pofika potulutsa ndalama mumakhala mutalawa. Buku la pa foni lilibe kulemera, lilibe pakati poti mutsegule. Chimene mumaona ndi kachithunzi kamodzi, ndipo kamakupezani kali pamzere umodzi ndi uthenga wa maliro, zigoli za Bullets ndi Wanderers, ndi mayi wotsatsa nsapato za kaunjika. Chala chanu chimakhala chikuthamanga. Ntchito yoyamba ya chikuto ndi kuimitsa chala chimenecho, ndipo chikalephera, zonse zimene mlembi adavutikira usiku ndi usiku zathera pomwepo. Choncho inu amene mumati "nkhani yanga ndi yabwino, idzigulitsa yokha," mukudzinamiza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nkhani imene munthu sanaitsegule palibe angadziwe kukoma kwake.

Tikati chikuto tisamangoganiza za chithunzi chokha. Chovala cha buku ndi zonse zimene wogula amaona asanawerenge chiganizo choyamba: chithunzi, mutu wa buku, mawu otsatsira, mtengo, ndi dzina la mlembi. Chitsanzo chomveka bwino cha mphamvu ya chovalachi chidachitika ku Britain mu 2013. Mu April chaka chimenecho kudatuluka buku la wofufuza milandu lotchedwa The Cuckoo's Calling, la mlembi wosadziwika dzina lake Robert Galbraith. Ounika mabuku adaliyamikira, koma ogula adali ochepa. Mu July zidaululika kuti Galbraith uja ndi J.K. Rowling, mlembi wa mabuku a Harry Potter. Sipadapite masiku, bukulo lidakwera kufika pa nambala 1 pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri pa Amazon. M'kati simudasinthe liwu ngakhale limodzi. Chidasintha n'chakunja. Nkhani imeneyi muisunge, tiibwereranso, chifukwa ili ndi mbali ina imene okonda kuitchula amaisiya.

Tsono poti tavomereza kuti chovala chili ndi mphamvu, tiyeni tiyang'ane zovala zimene tikuwaveka mabuku athu. Apa ndiye musandide.

Matenda oyamba ndi chithunzi chobwereka. Nkhani ikuchitikira ku Mponela, mtsikana wake amagulitsa mandasi pa depoti, mnyamata wake ndi wa kabaza. Pachikuto pali bambo wa suti ndi dona wa ndolo zagolide atagwira matambula a vinyo, kumbuyo kwawo nyumba zosanjikizana za kumene sitinafikeko. Chithunzicho mwachitola pa intaneti, mwini wake simukumudziwa, ndipo alembi ena atatu achigwiritsa kale ntchito. Chikuto chotere chimaitana munthu wolakwika. Wofuna nkhani ya anthu a ndalama agula n'kukhumudwa, pomwe amene akanakonda nkhani ya pa depoti wadutsa osaima.

Matenda achiwiri ndi kudzaza. Chikuto mumachipanga pa laputopu, chikuoneka chachikulu ngati kalendala, koma wogula achiona pa foni chili ngati bokosi la machesi. Zilembo zopotanapotana zamitundu isanu, nkhope zinayi, mtima wosweka, mphezi, maluwa, nambala ya foni, ndi vesi pansi pake. Pa bokosi la machesi zonsezi zimasanduka phala.

Matenda achitatu ndi kudzitama. Buku latuluka dzulo, lero lalembedwa kale kuti best seller. Lagulidwa ndi yani? Mawu otsatsira akuti "buku limene lisinthe moyo wanu," "simunawerengepo nkhani ngati iyi," koma osatiuza kuti nkhaniyo ndi ya yani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani. Ndipo pamwamba pa zonsezi mumapeza mawu olembedwa molakwika pachikuto penipeni, Chichewa chake chodulidwa pamene sipayenera kudulidwa. Ngati mawu asanu a pachikuto akukanikani, tiyembekezere zotani pa masamba 150?

Matenda achinayi ndi atsopano: zithunzi zopangidwa ndi AI. Nkhope zosalala ngati sopo, kuwala kwa dzuwa lolowa, nthawi zina dzanja la zala 6. Payekhapayekha zimaoneka bwino, eti? Koma taikani zikuto khumi zotere pamodzi. Mungayese mabanja a bambo mmodzi. Ulesi wofanizira umenewu ngakhale makampani akuluakulu akunja ali nawo. Mu 2014 munthu wina adaika pamodzi zikuto zoposa 30 za mabuku onena za Africa osindikizidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo pafupifupi chilichonse chidali ndi kamtengo kamodzi ka mthethe ndi dzuwa lofiira likulowa, kaya nkhaniyo ndi ya mumzinda wa ku Nigeria, kaya ya ku Botswana. Dziko lonse lidaseka. Ife tisaseke kwambiri, chifukwa mthethe wathu ndi dona wa vinyo uja.

Komabe, ndi matenda onsewa, zikuto zonyezimira zikugulitsa. Ndiye funso lenileni lili pa liwu loti "kugulitsa." Tiyeni tilisuzumire.

Mukudziwa ogulitsa makala a mitundu iwiri. Wina ndi wodutsa. Thumba lake pamwamba waika makala akuluakulu a mtengo wa tsanya, olira ngwee mukawagogoda. Mukafika nalo kunyumba n'kukhuthula, pansi pali fumbi ndi timiyala. Wagulitsa, ndalama watenga, ndipo mawa adzera njira ina. Wachiwiri ndi wa m'dera lanu, amene amadziwa kuti mwezi wamawa adzagogodanso pageti pomwepo. Onsewa amakongoletsa pamwamba pa thumba, palibe amene amaika fumbi pamwamba. Kusiyana kwawo kuli pansi. Ndiye dzifunseni: inu monga mlembi, ndinu wodutsa kapena ndinu wa m'dera? Ngati mukulemba buku limodzi m'moyo wanu wonse, lakuti mupezeko ya lendi miyezi iwiri, yankho ndi losavuta, chikuto chokha chikukwanirani. Koma ngati muli ndi buku lachiwiri m'mutu, dziwani kuti chikuto ndi ngongole. Mwatenga ndalama ya munthu pomulonjeza kanthu. Masamba a m'kati ndiwo amabweza.

Kumene malonda a mabuku a pa foni adakhwima, eni msika adaliona kale vutoli ndipo adamanga mipanda. Tengani Amazon, amene adatulutsa Kindle mu 2007 n'kutsegula khomo loti aliyense adzisindikizire buku. Kumeneko wogula amaloledwa kuwerenga chiyambi cha buku mwaulere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, asanalipire. Akagula molakwitsa ali ndi masiku 7 oti abweze. Pansi pa buku lililonse pali nyenyezi ndi ndemanga za amene adawerenga kale, zokoma ndi zowawa zomwe. Ndipo chosangalatsa kwambiri n'chimene chidachitika ndi Kindle Unlimited, ndondomeko imene idayamba mu 2014, yoti munthu amalipira pamwezi n'kumawerenga mabuku ambiri mmene angathere. Poyamba mlembi ankalandira ndalama yonse wowerenga akangodutsa 10 peresenti ya bukulo. Alembi ochenjera adayamba kutulutsa timabuku tatifupitifupi ta zikuto zokopa, toti munthu akatsegula masamba ochepa wadutsa kale mlingowo. Mu July 2015 Amazon idasintha: tsopano mlembi azilipidwa potengera masamba amene awerengedwa. Mwaiona nzeru yake? Chikuto chikhoza kukukokerani munthu pakhomo, koma akathawa pa tsamba lachitatu, malipiro anu ndi a masamba atatu.

Nanga kwathu kuno? Mwaona positala pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp. Mwatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mwatumiza screenshot ya umboni. Kenako PDF yabwera. Kulawa kulibe, kubweza kulibe, nyenyezi kulibe. Ndemanga zimene zilipo ndi za abale ndi anzake a mlembi, "moto wokhawokha bwana," zolembedwa bukulo lisanatsegulidwe. Ndipo amene wakhumudwa sayankhula, poti mlembiyo timapemphera naye, kapena tidaphunzira naye, kapena adzatigulanso lathu. Ndiye kunena zoona, kwathu kuno chikuto chili ndi mphamvu kuposa ku Amazon, chifukwa mipanda ija kulibe. Wodutsa wa makala uja kuno amadya bwino.

Wina anena kuti, "Nanga vuto lili pati? Wogula wasankha yekha, wogulitsa wapindula, za ena n'zawo." Vuto lake ndi lakuti ngongole ija siifera kwa amene adaitenga. Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, adalemba za msika wa magalimoto akale, ntchito imene idathandiza kuti adzalandire mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake idali yotere. Wogulitsa amadziwa ngati galimoto yake ndi yabwino kapena chiphapha, koma wogula sangadziwe poyang'ana penti. Poopa kupusitsidwa, wogula amatsitsa mtengo umene angalipire pa galimoto iliyonse. Mwini galimoto yabwino akaona mtengo wonyozekawo amachoka pamsika. Otsala amakhala a ziphapha, ogula amaopa koposa, mpaka msika umafa. Akuluakulu athu adaifupikitsa kale: ikaola imodzi, zaola zonse.

Ikani buku la Chichewa pa malo a galimoto. Mayi wina wagula PDF ya K3,000 chifukwa cha chikuto, wapezamo masamba 28, theka lake ndi kuthokoza abale. Wayesanso kachiwiri kwa mlembi wina, wapeza nkhani imene ampangankhani ake amasintha mayina pakati pa njira. Kachitatu sadzatumizanso ndalama kwa aliyense. Akaona positala yanu, inu amene mwalemba zaka ziwiri n'kulipira mkonzi, adzati, "Aaa, ma PDF awa ndi amodzimodzi," kapena adzadikira kuti wina amutumizire mwaulere. Mwataya kasitomala amene simunamulakwire. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Msika wathu ndi waung'ono kwambiri, anthu ololera kulipira buku la m'chinenero chathu ndi owerengeka, ndipo aliyense amene tamuwotcha sabwera ndi mnzake.

Pali chinanso chimene chasintha, ndipo ambiri sitinachizindikire. Kale chikuto chokongola chinkanena zoona pang'ono. Kuti chikhalepo pankafunika wojambula, makina ndi ndalama, ndiye chinkasonyeza kuti pali wina amene adaikapo chuma chake pa bukuli, ndipo munthu saika chuma pa chinthu chimene sanachiwerenge. Kuchokera pamene Canva idabwera mu 2013, kenako zithunzi za AI, kukongola kwatsika mtengo mpaka kufika pa bandulo ya tsiku limodzi. Izi n'zabwino, chifukwa mlembi wa ku Chitipa kapena wa ku Chipata akhoza kuveka buku lake osapempha kwa munthu. Koma zikutanthauzanso kuti kukongola kwasiya kuchitira umboni. Aliyense akavala suti, suti siikuuzaninso kuti bwana ndi uti.

Kumene izi zikhoza kufika tidakuona mu 2023. Pa Amazon padadzaza mabuku olembedwa ndi AI, a zikuto zaudongo ndi mayina a alembi amene kulibe, mpaka mu September chaka chimenecho kampaniyo idaika malire oti munthu asamaike mabuku atsopano oposa 3 patsiku. Ena mwa mabukuwo adali ophunzitsa kuzula bowa wa kutchire, ndipo bungwe la akatswiri a bowa la ku New York lidachenjeza anthu kuti asawakhulupirire, chifukwa kulakwitsa pa bowa ndi imfa. Inu amene mudakulira kumudzi mukudziwa kuti nyengo ya dzinja agogo sankalola mwana kuzula bowa poona kukongola. Nthano yofoira siipha munthu, inde. Koma m'magulu athu mukuyendanso timabuku ta zikuto zokongola tophunzitsa mankhwala azitsamba, kuweta nkhuku, kulemera msanga ndi kusunga banja. Amenewo akanama, munthu amataya zambiri kuposa K3,000.

Tsopano tibwerere kwa Rowling. Okonda kunena kuti "za m'kati zilibe ntchito" amaitchula nkhaniyi ngati umboni wawo. Koma dzina lija lidatenga kuti mphamvu yake? Lidapangidwa ndi mabuku 7 amene ana ndi akulu adawawerenga mpaka kumapeto, n'kumadikira lotsatira pamzere usiku. Anthu adathamangira The Cuckoo's Calling chifukwa mayiyo adali atabweza ngongole kasanu ndi kawiri. Ndiye chovala champhamvu kuposa zonse, dzina, chimasokedwa ndi za m'kati mwa mabuku apitawo. Pa Canva simungachipeze.

Chimodzimodzi mabuku amene ambiri a ife tidakula nawo. Heinemann idayamba African Writers Series mu 1962, Chinua Achebe ali mlangizi wosankha zolemba kwa zaka khumi zoyambirira. Mmenemo mudatuluka No Easy Task ya Aubrey Kachingwe mu 1966 ndi Of Chameleons and Gods ya Jack Mapanje mu 1981. Mabuku a nthano a mndandandawo ankadziwika ndi mtundu wa olenji, ndipo zojambula za ena sizidali zodolola maso. Koma munthu akaona mtunduwo pashelefu ankatola mosakayika, chifukwa unkatanthauza kuti zolembazi zadutsa m'manja mwa anthu odziwa kukana. Nanga Nthondo ya Samuel Josia Nthara, ya mu 1933? Nanga Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe? Angati mwa inu mungafotokoze chimene chidali pachikuto chake? Ambiri tidawapeza atathothoka kale chikuto, kapena atakutidwa ndi nyuzipepala. Wina ayankha kuti mabuku otere tinkawawerenga mokakamizidwa ndi sukulu. Zoona. Koma sukulu imakakamiza kuwerenga, siingakakamize kukumbukira. Mabuku angati a pa silabasi amene mudawaiwala tsiku lomaliza mayeso?

Pali mtsutso umodzi wolimba umene sindiuzemba. Mudzati, "Nanga mabuku amene akatswiri amawanyoza koma amagulidwa mamiliyoni?" Chitsanzo chotchuka ndi Fifty Shades of Grey ya E.L. James, imene idatuluka koyamba mu 2011 kudzera ku kakampani kakang'ono ka ku Australia, makamaka ngati buku la pa makina owerengera. Ounika mabuku adanyoza kalembedwe kake koopsa, koma mabuku atatu a nkhaniyo adagulidwa makope oposa 100 miliyoni. Kodi si umboni umenewu kuti ubwino ulibe ntchito? Taonani bwino. Chikuto chake chidali chofatsa, tayi wotuwa basi, wopanda thupi la munthu. Chimene chidaligulitsa ndi pakamwa pa amayi amene adaliwerenga n'kuuza anzawo, ndiponso mwayi woti pa makina munthu amawerenga nkhani zachikulire popanda woyandikana naye kudziwa. Bukulo lidalonjeza chinthu china, ndipo chinthu chimenecho lidapereka.

Apa ndiye pamene timasokonezera. Ubwino uli pawiri. Pali umene amayesa mphunzitsi wa zolembalemba: kukhwima kwa chinenero, kuya kwa ampangankhani, kuluka kwa nkhani. Palinso umene amayesa mayi amene wakhala pamzere wa kuchipatala ndi foni m'manja: kodi ndikufuna kudziwa chichitike n'chiyani? Kodi chimene adandilonjeza ndachipeza? Buku likhoza kulephera mayeso oyamba n'kugulidwabe kwa zaka. Lolephera achiwiri limagulidwa sabata imodzi, pamene positala ili yatsopano, kenako zii. Ndipo mabuku ambiri amene ndikudandaula nawo pano sakulephera chifukwa chosafika pa Achebe. Akulephera kumaliza nkhani imene aiyamba okha.

Onaninso mbali ina ya buku la pa foni imene imachepetsa mphamvu ya chikuto. Buku la pepala limadzitsatsa moyo wake wonse. Mukaliwerenga m'minibasi ya ku Area 25, wokhala pambali panu amaona chikuto. Likakhala patebulo, mlendo amalitola. La pa foni mukangogula, chikuto mumachiona kamodzi n'kuchipitirira, ndipo palibe wina adzachione. Kuyambira pamenepo wotsatsa amene watsala ndi pakamwa pa wowerenga. Andy Weir wa ku America adadziwika kudzera pakamwa pomwepa. Nkhani yake The Martian ankaiika pa intaneti gawo ndi gawo mwaulere, owerenga n'kumamukonza pamene walakwitsa za sayansi. Iwo omwewo ndiwo adamupempha kuti aiike pa Kindle, ndipo mu 2012 adaiika pa masenti 99, mtengo wotsikitsitsa umene Amazon inkalola. Padalibe kampani yotsatsa kumbuyo kwake. Mu 2014 kampani yaikulu idalisindikiza, mu 2015 lidakhala filimu. Anthu adagula chimene adali atalawa kale.

Ndiye mlembi amene ali pamphambano uja titamulangiza bwanji? Ine ndikuti ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi. Ngati ya mkonzi palibe, pezani anthu awiri osakuopani, mmodzi wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, wina wokonda nkhani basi, awerenge ndipo muwamvere. Chikuto chibwere pambuyo, ndipo chisakhale chodula kuti chikhale chabwino. Chinthu chimodzi chooneka bwino, mutu wa buku wowerengeka, dzina lanu, zatha. Chichepetseni pa foni chifike ngati bokosi la machesi, mupatse munthu amene sadziwa nkhani yanu, mumufunse kuti, "Mukuganiza kuti bukuli ndi la chiyani?" Akayankha zosiyana ndi zimene mwalemba, chikutocho n'chabodza ngakhale chikongole bwanji. Chithunzi chojambula nokha pa msika wa Mponela chimaposa dona wobwereka.

Kenako mangani nokha mipanda imene msika wathu ulibe. Perekani chaputala choyamba mwaulere. Lembani pa positala kuchuluka kwa masamba. Tchulani amene wakonza bukulo, atalola, kuti nayenso dzina lake likhale pachiswe limodzi ndi lanu. Mawu otsatsira anene za nkhani, zoyamikira musiyire ena. Mlembi woopa kuonetsa chaputala choyamba akudziwa chimene chili pansi pa thumba.

Inunso awerengi muli ndi mbali yanu. Musanatumize ndalama, pemphani kulawa. Si chipongwe, ngakhale wogula mpunga amatapa pang'ono n'kununkhiza. Ndipo mukawerenga, nenani zoona. Buku likakoma, litchuleni dzina, nenani chimene chakoma, muuze anzanu akagule kwa mwini wake m'malo mowatumizira PDF mwaulere, chifukwa kugawa kumeneko ndi kuba thukuta la munthu yemwe mukumuyamikirayo. Likapanda kukoma, nenaninso mwaulemu, ndi zifukwa. M'gulu lino tazolowera kuombera m'manja zikuto. Munthu akaika positala, mayamiko mazanamazana. Patapita mwezi, funsani amene wawerenga mpaka kumapeto, mudzamva nkhululu zokha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tikapanda kuunikana tokha, wotiunika adzakhala mayi uja amene wasiya kugula, ndipo iye satiuza chifukwa.

Choncho yankho langa ndi ili. Chikuto chokongola chimagulitsa buku lofoira, makamaka pa msika ngati wathu umene munthu amalipira asanaone. Chimagulitsa kwa munthu mmodzi kamodzi. Ngongole yake amabweza ndi buku lanu lachiwiri, komanso mlembi mnzanu amene sadadye nawo. Buku labwino nalo likufunika chovala chabwino, pakuti kuliveka sanza n'kulilakwira. Kungoti chovalacho chinene zoona za mwini wake.

Tsono ndikusiyireni ntchito ya sabata ino. Tsegulani foni yanu, muwerenge ma PDF amene mudagula chaka chino. Ndi angati amene mudawamaliza? Mwa amene mudawasiya panjira, chidakukokani kuti mugule n'chiyani? Ndipo mwa alembi amenewo, ndani amene akatulutsa lina mawa mudzamutumizira ndalama musanaone n'komwe chikuto? Mayina a anthu musatchule, tiuzeni zifukwa zokha. Alembi, inunso yankhani moona: pa buku lanu lomaliza, wojambula adalandira zingati, mkonzi adalandira zingati? Tikumane sabata yamawa.